Fayilo ya Word ikukuuzani kuti mudine Enable Content? Dikirani kaye

Achimwene, mwati mwalandira fayilo ya Word pa imelo, akuti ndi invoice, antivirus ali chete koma mtima sukukhazikika, ndiye mungadziwe bwanji ngati muli vayirasi. Mwachita bwino osathamangira kutsegula.

Nkhani yaikulu ili pa ma macro. Timeneti ndi timapulogalamu tokhala mkati mwa dokumenti, anatipangira ntchito zabwinobwino koma akuba anatikonda kalekale, Melissa uja wa 1999 ankayenda momwemu, munthu akangotsegula fayilo iye nkudzitumiza yekha kwa anthu 50 oyambirira a mu Outlook mwake, pulogalamu ya maimelo ija. Ndiye mukatsegula nkupeza zolemba zosawerengeka, pamwamba pali uthenga woti dinani Enable Content kuti muone bwino, tsekani pompo, chifukwa batani limenelo ndi lomwe limayatsa ma macro. Invoice yeniyeni ndi zilembo ndi manambala basi, ifuniranji macro kuti iwerengeke? Uthengawo walemba ndi wakubayo, wangomatapo logo ya Microsoft kuti muziyesa wachokera kwa Word.

Onaninso kumapeto kwa dzina la fayilo. Ya .docm imanyamula macro, .doc yakale ija nayonso imatha. Windows amabisa kumapetoko, ndiye yatsani File name extensions mu File Explorer kuti kuoneke, mwina mupeza kuti ndi invoice.docx.exe, imeneyo si dokumenti olo pang'ono.

Ngati mumakonda kutokosa zinthu ngati ine, kopani fayiloyo, kumapeto muike .zip nkulowa mu foda ya word. Mukaona vbaProject.bin ndiye kuti macro alimo. Njirayi siigwira pa .doc yakale.

Palinso webusayiti ya VirusTotal, mumakwezapo fayilo ma antivirus ambirimbiri nkuiunika nthawi imodzi, ulere. Koma zomwe mwakweza ofufuza ena amatha kuziona, ndiye zachinsinsi za kuntchito ayi ndithu. Komanso akati palibe vuto musaombe m'manja msanga, vayirasi yatsopano imadutsa osadziwika.

.docx nayo musaidalire kwambiri. Mu 2022 kunali vuto lija analitcha Follina, linkalowa popanda macro aliyense mpaka Microsoft anatulutsa update yotseka. Ndiye ma update aja musamangowakankhira mawa, ndipo Protected View, yomwe imatsegula fayilo moti muzingowerenga basi, isiyeni yoyaka, batani la Enable Editing osadina ngati mukungofuna kuwerenga.

Ine ndikanakhala inu ndikanamuimbira amene akuti watumizayo, pa nambala yomwe mukuidziwa kale osati ya mu imelomo, nkumufunsa ngati watumizadi ndi iye.