Kusaka coyote uli pamwamba m'tchire lowirira

Achimwene, mwafunsa ngati kukhala pansanja ya mumtengo kungathandize posaka coyote, nkhandwe ya ku America ija, m'tchire lowirira la kumwera kwa Texas. Eya, kumathandiza kwambiri. Mukakhala pansi m'zitsamba zaminga, nyamayi imakuonani inu musanaione. Mukakwera mamita 4 kapena 5, timipata ta pakati pa zitsamba timaoneka bwino.

Koma musaiwale mphuno yake. Coyote akamva kulira kwa kalulu kochokera m'chipangizo choitanira, nthawi zambiri sabwera molunjika. Amayamba wazungulira kuti mphepo imubweretsere fungo. Choncho ikani chipangizocho mamita ngati 30 kumene mphepo ikuchokera, koma maso anu akhale kumene ikulowera, poti n'kumene amakonda kutulukira. Ine ndingasankhe shotgun, mfuti yomwaza tizipolopolo tambirimbiri nthawi imodzi, chifukwa m'tchire lotere amatulukira pafupi zedi.

Mitengo ya mesquite, yomwe ndi yofala kumwera kwa Texas, ndi yaifupi komanso yokhotakhota, n'chifukwa chake alenje ambiri kumeneko amakonda nsanja ya miyendo itatu.

Mukasankha mtengo, chonde dzimangirireni lamba wotetezera musanachoke pansi, ndipo mfuti muikoke ndi chingwe mutachotsamo zipolopolo. Ambiri amagwa pokwera kapena potsika.