Kodi za evolution ndingaziphunzire kuno ku Mzuzu?

Funso: Zikomo alangizi, ndine mtsikana wa ku Chibavi, ndakhoza MSCE ndipo bayoloje ndimaikonda heve makamaka evolution (za momwe zamoyo zimasinthira pang'onopang'ono m'mibadwomibadwo), koma mayi akuti zimenezo nzotsutsana ndi tchalitchi komanso ntchito sindidzaipeza. Nditani?

Yankho: Mwanawe usafooke. Ku Mzuni funsira bayoloje, evolution ukaipeza momwemo pamodzi ndi genetics (za momwe zamoyo zimatengera kwa makolo), ndipotu kwathu kuno nkoyenera kwambiri chifukwa nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba za mbuna mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse, asayansi akunja amachita kuilondola. Ku Uraha, ku Karonga, anafukulako chibwano cha Homo rudolfensis, mtundu wa anthu akalekale, mu 1991. Mayi uwauze mwaulemu kuti asayansi opemphera alipo ambiri. Ntchito ziliko, uphunzitsi, za nsomba, olo kufufuza udzudzu womwe wayamba kupirira mankhwala.