Mafunso a Owerenga: Kodi amuna anga ndiwatumize kumalo a mpingo othandiza osiya mowa?

FUNSO

Aphungu, amuna anga akhala akumwa kachasu kwa zaka zambiri, moti masiku ano sangagwire khasu m'mawa asanalaweko, chifukwa manja amanjenjemera. Mwezi watha anandiuza okha kuti atopa ndipo akufuna kusiya. Abusa athu atiuza za malo ena a mpingo kumene abambo otere amakakhala miyezi ingapo akupemphera ndi kulima pamodzi. Alamu anga akuti ndiwatumize msanga, pomwe achemwali anga akuti vutoli ndi la kuchipatala. Ndimvere ndani?

Mayi wa ana anayi, Kasungu

YANKHO

Mayi, alamu anu ndi achemwali anu onse akunena zoona, koma chofunika ndi kudziwa koyambira. Bambowa ayambe apita kuchipatala, kenako kumalo a mpingo.

Kunjenjemera kwa m'mawa kumene mwatchulako ndi chizindikiro chakuti thupi linazolowera mowa kwambiri. Munthu wotere akasiya mwadzidzidzi amatha kugwa ngati wakhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi ena amabalalika mutu, amatuluka thukuta lambiri, mtima umathamanga, ndiponso amaona njoka kapena tizilombo pakhoma pomwe palibe kanthu. Madokotala amatchula vutoli kuti delirium tremens, ndipo limapha. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu opemphera, amene cholinga chawo n'chabwino ndithu, akaona zimenezi amaganiza kuti ziwanda zikutuluka, choncho amawonjezera mapemphero pa nthawi imene munthuyo akufunika mankhwala. Kuchipatala amapereka mankhwala monga diazepam ndi vitamini B1 kwa masiku owerengeka mpaka ngoziyo itadutsa. Pitani nawo kuchipatala chachikulu cha boma, ndipo mukafotokoze mosabisa kuchuluka kwa kachasu amene amamwa pa tsiku. Kulinso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, omwe ndi bungwe la Mpingo wa Katolika, ndipo amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba. Iwowa ndi umboni wakuti pemphero ndi mankhwala sizilimbana.

Komabe chipatala chimangochotsa mowa m'thupi, osati m'moyo wa munthu, ndipo apa ndi pamene alamu anu akulondola. Kwa abambo ambiri, pamalo omwera mowa ndiye pabwalo pawo: ndi pamene amamva za ganyu, za maliro, za mpira, ndi pamene amapeza wowapatsa moni mwansangala. Bambo akasiya mowa amataya anzake onsewo tsiku limodzi, ndipo kusungulumwa kumeneko ndi kumene kumabwezera ambiri ku botolo. Malo abwino a mpingo amamupatsa bwalo lina, kumene amadzuka pa nthawi yake, amagwira ntchito ya manja, amadya mokwanira, ndiponso amaulula zimene anachita pamaso pa amuna anzake amene sangamuseke chifukwa nawonso anadutsa momwemo. Gulu la Alcoholics Anonymous, la anthu othandizana kusiya mowa, linayamba motero mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene amuna awiri omwe mowa unawagonjetsa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anaona kuti kulankhulana ndi kudalira Mulungu kumawathandiza kutha tsiku osamwa. Njira yawo ya masitepe 12 ikugwiritsidwabe ntchito m'maiko ambiri.

Si malo onse otchula dzina la Mulungu amene ali oyenera, choncho mupiteko nokha, masana, osapangana nawo tsiku. Mukaone pogona ndi zimene akuphika. Mukayang'ane akakolo ndi mikono ya abambo amene ali kumeneko, chifukwa zipsera za unyolo kapena chingwe sizibisika. Mukafunse kuti munthu akagwa usiku amamutengera kuchipatala chiti, komanso ngati amalola anthu kupitiriza mankhwala awo, monga ma ARV kapena a BP. Akakuuzani kuti kumwa mankhwala ndi kusowa chikhulupiriro, kapena kuti aliyense amasala kudya mokakamizidwa, kapena kuti wolowa satuluka mpaka abusa atalola, bambowa musawasiye kumeneko.

Nthawi yovuta kwambiri ndi ya pobwerera kumudzi. Ndikupempha abusa anu kuti asafulumire kuwaimika kutsogolo kwa mpingo kuti apereke umboni Lamulungu loyamba, chifukwa munthu amene waomberedwa m'manja ndi mpingo wonse akadzaterereka amachita manyazi, amabisa, kenako amasiya ndi tchalitchi chomwe. Kutererekako kumachitikira ambiri, ndipo sikutanthauza kuti miyezi yonseyo yapita pachabe. Chofunika ndi abambo awiri kapena atatu okhwima maganizo a mumpingomo amene aziwayendera sabata iliyonse, ndiponso amene bambowa angawaimbire foni chilakolako chikawagwira.

Popeza muli ku Kasungu, mukambiranenso za nyengo yogulitsa fodya ndi soya isanafike, pakuti ndalama zambiri m'thumba ndi chiyeso chachikulu kwa munthu amene wangosiya kumene. Mugwirizane pamaso pa ankhoswe kuti ndalamazo azisunga ndani, komanso kuti fizi ya ana ndi feteleza zilipiridwe tsiku lomwe ndalama zalandiridwa.