Kwa msuweni, pa za magetsi zija

Halo... eya, yayamba kujambula. Msuweni, ndaona zimene walemba m'gulumu, zoti kurso ya zamagetsi ku IFPELAC, sukulu ya boma ija yophunzitsa ntchito za manja, imatenga miyezi ingati. Iwe, miyezi? Unayamba liti kuwerenga miyezi, munthu woti kachewere wa azakhali ako unkakumba asanakhwime? Hahaha. Ayi dikira, ndikuyankha, koma ndiyambe ndi amalume.

Amalume anga, bambo ako aang'ono aja a ku Domwe. Iwe unawapeza atakalamba kale. Anthu atayamba kubwerako ku Dedza nkhondo itatha mu 1992, iwo kumudzi sanakhalitse, chifukwa cha nkhani ya ng'ombe ija, mayi ako akuidziwa. Anatsikira kuno ku Tete n'kukhala ajudante wa mmisiri wina wa ku Matundo. Kunyamula makwerero, kuboola khoma, kukoka waya m'mapaipi dzuwa lili pamutu. Ndipo anaphunziradi, eeh, manja awo aja! Nthawi ina chigayo china cha ku Ulongwe chinkagwira anthu. Ukangokhudza chitsulo chake, dzanzi mkono wonse. Mwini wake anafika poganiza kuti wina wamuchita chipongwe. Amalume atafika sanathamangire kumasula mota, anayamba ayang'ana waya wa pansi, uja wa terra, n'kupeza kuti kulibe. Woikayo anangolumikiza mafaze atatu aja, mawaya obweretsa magetsi, basi n'kumapita. Iwo anakhoma ndodo ya kopa m'nthaka, n'kulumikiza bwino, kenako anapeza pomwe waya unasupuka ukukhudza chitsulo. Tsiku lomwelo amayi anagayitsa. Anawalipira nkhuku... ayi, mbuzi, inali mbuzi, ija inatha pa chinkhoswe cha achemwali.

Ndipo anali ndi khalidwe limodzi, ngakhale atazimitsa okha disjuntor, switchi yodula magetsi ija, waya sankaugwira asanauyeze ndi busca-polo, kachida koonera ngati muli magetsi. Ana tinkawaseka kuti ndi amantha. Anafika pokalamba zala zonse khumi zilipo.

Koma mvera apa. Malasha a ku Moatize atayamba kutuluka mu 2011, makontirakita anali mbwee, kufuna anthu a magetsi. Amalume anapita atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Funso loyamba: pepala lili kuti? Analibe. Anyamata amene iwo anawaphunzitsa kusenda waya analowa chifukwa anali ndi certificado, iwo n'kubwerera kukakonza mababu m'misika. Zinkandiwawa kuwaona, mpaka pano zimandiwawa.

Tsono za miyezi zako zija. Makurso a ku IFPELAC ndi aafupi, a miyezi chabe, ukatuluka umadziwa kuika magetsi m'nyumba: quadro (bokosi logawira magetsi), masoketi pa waya wa saizi 2.5, mababu pa 1.5, zotero. Koma iwe décima unamaliza, eti? Ndiye ulinso ndi njira ina, ya ku Instituto Industrial e Comercial Mártires de Wiriyamu mumzinda muno. Kumeneko ndi zaka zitatu, magawo otchedwa CV3, CV4 ndi CV5, ndipo ukatuluka ndiwe técnico médio, mamota ndi makina akuluakulu ukuwadziwa. Ukafuna kupitirira, ku Songo kuli Politécnico ya mainjiniya, pafupi ndi damu la Cahora Bassa lomwe. Ine ndikanakonda zaka zitatuzo, koma ngati ndalama zavuta, yamba ndi yaifupiyo, usakhale chabe.

Ntchito usaope kuti isowa. Cahora Bassa imatha kutulutsa mamegawati 2,075, ambiri amapita ku Joni, pomwe midzi yathu yambiri ya ku Angónia ndi Tsangano ikugonabe ndi tochi. Boma likuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. A EDM amafikitsa waya ndi mita ya Credelec, koma m'kati mwa nyumba akoke ndani? Nanga masola amene anthu akugulawa, amawalumikiza bwino ndi angati?

Hmm... koma msuweni, tisanamizane. Miyezi ukanafunsa aliyense, ngakhale pa intaneti. Walemba m'gulu muno podziwa kuti ine ndiona. Chimene ukufunsa n'chakuti, kodi ndikatsikira ku Tete ndikagona kuti, ndikadya chiyani miyezi yonseyo. Si choncho? Manyazi ako aja, kuyambira uli mwana sunkapempha ndiwo, unkangoyang'ana mphika.

Bwera. Chipinda chija cha kuseri chilipo, alamu ako tinakambirana kale, avomera. Kutentha kokha ukonzekere, iwe wozolowera mphepo ya ku Ulongwe, Okutobala wa kuno udzalira. Koma ndikuuziretu, ukabwera ukubwerera sukulu. Usadzafike kuno n'kuona anzako akulandira timameticais ta ganyu, iwe n'kusiya kalasi kukanyamula makwerero. Ganyu Loweruka, zimenezo ndikulola, ndipo ndikupeza mmisiri woti uzimutsatira, chifukwa pepala lopanda manja nalonso silikoka waya. Estágio, nthawi yokaphunzirira pa ntchito penipeni, ikadzafika uzidzakhala utazolowera kale alicate. Koma pepalalo litengedwe.

Azakhali, ndikudziwa mukumvera, pepani ndalankhula zambiri. Mwanayu musamuletse chifukwa cha dimba, kachewere tiona woti athandize. Abwere adzakhale kwa ine, aphunzire mpaka amalize.

Msuweni, wamva? Malo alipo, chakudya chilipo, iwe ubweretse BI, NUIT ndi certificado ya décima, ndi tizithunzi tija. Ukakwera chapa ku Ulongwe undiimbire ukadutsa Moatize, ndidzakudikira usanawoloke mlatho wa Samora. Ndipo bwera ndi thumba la nyemba, kuno zakwera mtengo.