Msewu wopanda galimoto kulibe, koma Khwekhwerere ilipo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Ndaifupikitsa motere: "Mlongo wanga wa ku Joni ananditumizira njinga ya mpikisano, ija ya matayala opyapyala ndi mahandulo okhota. Ndimaikonda, koma kawiri konse minibasi yandithamangitsira kunja kwa phula, moti pano njingayo yangokhala kuchipinda. Kodi m'Malawi muno muli msewu wa phula wakumudzi, wopanda galimoto, woti munthu n'kupalasa mtima uli m'malo?"

Achemwali, ndiyambe ndi chokhumudwitsa. Msewu wa phula woti galimoto n'zoletsedwa, wongoyendamo apanjinga okha ngati momwe zilili kumaiko ena, musaufune kuno. Phula lathu ndi lochepa ndipo aliyense akulifuna: wa lole, wa kabaza, wa ngolo, mayi wosenza nkhuni ngakhalenso mbuzi. Chomwe tili nacho ndi misewu yomwe imakhala zii pa masiku ena ndi maola ena. Ndiye funso la "kuti" lisamayende lokha, liziyenda ndi la "liti".

Kwa munthu wokhala ku Lilongwe, ine ndimaloza msewu wa Khwekhwerere. Mukayenda makilomita pafupifupi 85 pa M1 mufika pa Dedza, ndipo mukapitirira molowera ku Ntcheu, musanafike pa Lizulu, pali mphambano ya Masasa. Pamenepo msewu umapatukira kumanzere n'kutsika phiri mpaka pa Golomoti, pomwe umakumana ndi M5, msewu wa Salima ndi Balaka uja. Chigawo cha M1 chija musachipalase, chonde. Kwezani njinga m'galimoto, muitsitsire pa Masasa. Malole opita ku Blantyre sakuonani, ndipo mphepo yomwe amasiya akakudutsani imatha kukugwetsani ngakhale asanakukhudzeni.

Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Kusiyana kumeneku, gawo lalikulu mumalitsika pa msewu umodziwu. Mumanyamuka mutavala juzi, mpweya ukutuluka ngati utsi, minda ya kachewere ndi kabichi ili uku ndi uku. Poyamba msewu umangokwera ndi kutsika pang'onopang'ono pakati pa midzi, munthu n'kumadzifunsa kuti kodi phiri lotchukalo lili kuti. Kenako dziko limangotseguka mwadzidzidzi: chigwa chonse chili pansi panu, ndipo kukakhala kopanda chifunga nyanja imaoneka patali ngati lata lowala. Mukafika pansi mumakhala mwavula juzi kalekale, mitengo yasanduka malambe, thukuta lili kamukamu. M'makona mwina mumapeza anyamata osema tigalimoto ndi tinjinga tamatabwa. Imani, muone. Kanjinga kena komwe ndinagula kumeneko mawilo ake amazungulira bwino kuposa a njinga yanga yeniyeni.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani. Pa Khwekhwerere chomwe chingakupwetekeni si galimoto kwenikweni, ndi kutsetsereka. Njinga ya mpikisano ndi yopepuka, imathamanga musanaipemphe. Ulendo wanga woyamba ndinachita zomwe wamantha aliyense amachita: ndinagwira mabuleki osasiya kuyambira pamwamba. Mabuleki ofinya limu akakhala akukhula nthawi yaitali, limuyo imatentha, mpweya wa mu chubu umafufuma, ndipo mphira wa buleki umayamba kuterera. Ndili pakati pa phiri chubu cha kutsogolo chinangoti phuu! Mwayi wake ndinali nditachepetsa kale liwiro polowa pakona, ndiye ndinangosupuka chigongono. Nditagwira limu ija inandiotcha ngati chiwaya.

Kagwiridwe koyenera n'kotere: finyani mabuleki onse awiri mwamphamvu msewu ukadali woongoka, kona isanafike, kenako masulani kuti limu ipume. Mkati mwa kona musafinye la kutsogolo mwadzidzidzi, makamaka pomwe pali mchenga, ndipo mvula ikangotha kumene mchenga ndi timiyala zimadzaza m'makona momwemo. Phazi la kunja kwa kona likhale pa pedulo, pedulo yakeyo ili m'munsi, maso akhale komwe mukupita, osati kuphompho. Khalani kumanzere kwanu nthawi zonse ngakhale msewu uoneke wopanda kanthu, poti lole yokwera phiri imadya mbali yanu ikamakhota. Mukaona kuti manja achita dzanzi, imani. Palibe amene akukuwerengerani mphindi. Chipewa chodzitetezera kumutu sindikambapo zambiri. Wopanda chipewa asatsike phiri ili.

Za "liti" zija. Msewuwu ndi womwe anthu a ku Lilongwe amadzera popita ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, ndiye Lachisanu madzulo ndi Lamulungu masana mumadutsa galimoto za anthu othamangira kunyanja kapena obwerako, ena atalawako. Pa Isitala, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala, 15 Okutobala, musayerekeze n'komwe. Pakati pa sabata kapena Loweruka m'mamawa, dzuwa likangotuluka, mutha kupalasa nthawi ndithu osamva injini. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti: mvula yatha, kunja kukuzizira, ngakhale mwera umavuta masiku ena mukafika kuchigwa. Okutobala kumunsi kuja ndi ng'anjo. Funsaninso tsiku la msika wa m'malo omwe mudutse, chifukwa tsiku limenelo phula limasanduka bwalo la tomato ndi kaunjika.

Mukafika pa Golomoti muli ndi njira ziwiri. Kukhotera kumanzere pa M5, molowera ku Salima, mupeza mphambano ya ku Mua. Mishoni ya Mua inayambitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo pali malo a zachikhalidwe a KuNgoni omwe Bambo Claude Boucher anatsegula mu 1976, ndi nyumba ya Chamare yosungiramo mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kwa ulendo woyamba, Masasa mpaka Mua n'zokwanira; galimoto yomwe inakusiyani ikakudikireni kumeneko. Pa M5 pamadutsa mabasi, choncho khalani tcheru, koma si M1. Njira inayo ndi M10 yolowera ku Monkey Bay, yathyathyathya, yodutsa m'malambe ndi midzi yotalikirana. Miyendo ikazolowera, umenewo ndiwo msewu woti mudzaumve kukoma kwa njinga yanuyo. Mthunzi ndi wosowa, ndiye madzi tengani mabotolo awiri ndipo mukaona mjigo dzazani, osadikira kuti athe.

Kukwera kubwerera ku Masasa? Kuthekera kulipo, koma onani kaye magiya. Njinga zambiri za mpikisano zimabwera ndi magiya a anyamata othamanga pamalo osalala. Ngati giya yaikulu ya kumbuyo ili ndi mano ochepera 30, phiri ili mulikankha wapansi. Amakala omwe mukumane nawo akukankha matumba atatu sadzakusekani, koma mawondo anu adzakudandaulani sabata yonse.

Pali china chomwe anthu a m'tauni timaiwala. Msewu wakumudzi wopanda galimoto si msewu wopanda anthu. Ndi bwalo la mudzi. Ana amathamanga nanu, nkhuku imadikira mpaka mufike ndiye idumphe, ndipo njinga yanu ilibe phokoso, munthu sakumvani mukubwera. Ikani belu, kapena fuulani "zikomo!" mukadali patali. Mukaona nthambi zamasamba zitaikidwa pamsewu, pali maliro: tsikani, kankhani njinga mpaka mudutse nthambi za mbali inayo. Wa galimoto amangochepetsa liwiro, koma wapanjinga amayembekezeka kutsika, kaya njingayo inagulidwa ku Joni. M'chilimwe, mbali ya Dedza, mutha kukumana ndi gule wamkulu panjira. Patukani, khalani ndi kandalama m'thumba, foni isatuluke. Ndipo popeza ndinu mayi, ndikuuzeni mosabisa: kabudula wothina wapanjinga uja ali ndi ntchito yake, amateteza kunyuka pachishalo, koma pindani chitenje muike m'thumba la kumsana. Mukaima pa sitolo kapena pa mjigo, mangani. Ena anganene kuti n'zachikale. Ine ndaona kusiyana kwa moni yemwe munthu amalandira.

Nkhani ya matayala ndiyo inandiphunzitsa mochititsa manyazi. Tsiku lomwe chubu chinaphulika lija, tayala nalo linang'ambika m'mbali. Ndinakankha mpaka kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo. Anayang'ana tayala langa, anawerenga "28" yolembedwa m'mbali mwake, nati alipo ambiri. Koma 28 ya njinga zakumudzi zija, za kabaza ndi zonyamulira makala, limu yake ndi mamilimita 635, pomwe ya njinga ya mpikisano, yomwe amaitcha 700c, ndi 622. Tayala lake linangokhala khwepekhwepe pa limu yanga. Mkuluyo sanagonje: anadula kachidutswa ka tayala lakale, anakaika mkati mong'ambikamo, anamata chubu, ndipo ndinafika. Kumata amadziwa kuposa ine ndi inu, koma katundu wa njinga yanu alibe. Choncho nyamulani machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu yanu, ndi timasipanala ta Allen. Ngati felemu ikulola, chotsani matayala a mamilimita 23 kapena 25 muike a 28 kapena 32. Phula lathu lili ndi zigamba ndi maenje, ndipo tayala lonenepako pang'ono, losapopa mpaka gwa, limakupulumutsani ku minga ndi kugwedezeka.

Ngati tsiku lina mudzapezeke ku Zomba, msewu wokwera phiri kuchoka m'tauni kupita ku Ku Chawe ndi damu la Mulunguzi ndi waufupi, wamthunzi, wa galimoto zochepa, kungoti mudzakumana ndi onyamula nkhuni akutsika. Misewu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi yokongola zedi, koma yambiri ndi yafumbi ndipo ili m'malo a eni ake, ndiye imafuna chilolezo ndi njinga ya matayala akuluakulu.

Musapite nokha ulendo woyamba. Pezani mnzanu mmodzi wapanjinga ndi wina woyendetsa galimoto, muike ndalama zing'onozing'ono m'thumba poti wogulitsa nthochi sadzakhala ndi chenje cha K5,000. Koma musanaganize za Masasa, itulutseni kaye njingayo kuchipinda Lamulungu likubwerali, 6 koloko m'mawa, minibasi zisanadzuke. Pezani kamtunda kalikonse ka m'dera lanu, mutsike kakhumi mukuyeserera mabuleki aja: finyani, masulani, finyani, masulani. Mukatero mundilembere, ndikuuzani ngati mphira wa mabuleki anuwo ungafike pa Golomoti.