Musamukwapule chifukwa cha zilembo

Mayi anzanga, mwana wa zaka zinayi amene akukana kugwira pensulo sanalakwe chilichonse, ndipo chonde musamvere amene akukuuzani kuti chikwapu ndicho chingamuthandize kudziwa zilembo. Wanga anali wa msinkhu womwewo pamene ankapita ku sukulu ina ya mkaka yolipira pa boma la Kasungu. Tsiku lina anafika kunyumba kabudula atanyowa, kope atalibisa m'malaya, zala zitatupa moti madzulo analephera kutema nsima. Mnzake wa nyumba yoyandikana ndiye anaulula kuti aphunzitsi anamuimiritsa kutsogolo kwa kalasi, kumumenya zala ndi rula chifukwa analemba d m'malo mwa b, kenaka n'kulamula anzake kuti amuimbire kuti ndi mbuli, ndipo atapempha kupita kuchimbudzi anamukaniza. Nditapita kukadandaula, mwini sukuluyo anandiyankha maso ali pa foni kuti makolo amalipira kuti ana aziloweza A mpaka Z, ndipo amene sakufuna achotse mwana wake. Ndinalankhula mawu owawa pakhomo pawo ndipo mwanayo ndinamuchotsadi. Munthu amene sadziwa kuti kusokoneza b ndi d n'kozolowereka pa msinkhu umenewu sayenera kupatsidwa ana a eni ake.

Kwa nthawi yaitali mwanayo akangoona kope ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Amene anamubweza ndi agogo ake ku Santhe, amene ankaumba naye ng'ombe za dongo, kenaka n'kuyamba kuumba o, u ndi i, kuziyanika padzuwa ndi kuzibisa m'makoko a mtedza kuti azifunefune. Tinkajambulanso phada pabwalo, bokosi lililonse chilembo chake, ndipo asanadumphe ankayenera kutchula liwu lake. Yambani ndi a, e, i, o, u, kenaka chilembo choyamba cha dzina lake, kenaka maphatikizo ngati ma, me, mi, mo, mu, chifukwa m'Chichewa mawu amawerengedwa monga momwe alembedwera, ndipo mwana akagwirizanitsa "a" ndi "ma" n'kupeza kuti akutha kutchula "amama", amasangalala kwambiri. Nyimbo ya ABC ya Chingelezi ili ndi q ndi x zomwe sadzazipeza m'mabuku a Chichewa. Komanso Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6, ndipo ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga yomwe inayamba mu 2016 imayambira pa maliwu a zilembo omwewa, choncho palibe chothamangira.

Komabe musamulekerere kuti azingosewera mmene akufunira. Madzulo aliwonse mukhale naye pakhonde ndi khala kapena choko, ndipo asadzuke asanamalize chilembo cha tsikulo ngakhale atanyinyirika. Ngati sakumuzunza monga anachitira wanga, musathamangirenso kukangana ndi aphunzitsi ake kapena kumusamutsa sukulu, chifukwa kusamukasamuka kumasokoneza mwana, koma tsiku lililonse akaweruka muziyang'ana zala zake ndi kabudula wake.