Filimu ya 120 kapena ya 35mm? Yankho kwa mbale wa ku Bangula

Mbale wina wa ku Bangula wandilembera imelo. Akuti amajambula maukwati komanso asodzi ndi mbalame za ku Elephant Marsh ndi kamera ya filimu ya 35mm, koma akadula chithunzi m'mbali n'kuchikulitsa, nkhope zimatuluka zamchengamchenga. Ndiye akufunsa: agule kamera ya medium format, yolowa filimu ya 120?

Achimwene, nkhani yagona pa kukula kwa negativi. Ya 35mm ndi mamilimita 24 kwa 36 basi. Ya 6x6, yomwe imatuluka pa filimu ya 120, ndi pafupifupi 56 kwa 56, malo ake kuposa katatu ndi theka. Kuti mupeze chithunzi chopachika pakhoma cha mainchesi 8 kwa 10, yaing'onoyo muyenera kuikulitsa kuposa kasanu n'katatu, pamene yaikulu kanayi ndi theka kakwana. Timadontho ta filimu timakula limodzi ndi chithunzicho. Tsono mukataya theka la negativi yaing'ono kale kuti muchotse mwana amene analowerera kumbali kwa mkwatibwi, mwatsala ndi kachidutswa kochepa kuposa sitampa. Mchenga uja ukuchokera pamenepo.

Pa ukwati, ine ndili kumbali ya 120. Pa 6x6 simuchita kupendeketsa kamera. Mumasankha potsuka ngati chithunzi chiimirire kapena chigone, ndipo zoluka za pa velo zimaonekabe ulusi ndi ulusi.

Koma za mbalamezo musadzinamize. Kakowa ali patali, inu muli m'bwato ndi lenzi ya 80mm imene makamera ambiri a 6x6 amabwera nayo: adzatuluka kadontho, ndipo kudula sikungamupulumutse. Lenzi yokoka zakutali ya 300mm pa kamera muli nayoyo idzamujambula wamkulu pafupifupi kanayi pa filimu penipenipo. Komanso bwato likamayendera, kamera yolemera imavuta m'manja, ndipo chithunzi chogwedezeka sichikonzeka ngakhale negativi ikule bwanji.

Muwerengenso m'thumba. Mpukutu wa 120 umapereka zithunzi 12 pa 6x6, kapena 10 pa 6x7 (negativi yokulirapo pang'ono), pamene wa 35mm umafika 36. Musanagule, funsani kaye amene amakutsukirani ngati makina awo amalandira 120, chifukwa si onse.

Yesani izi Loweruka likubwerali: sunthirani pafupi, dzazani munthu m'diso la kamera, ndipo ikani filimu ya ISO 100, ya timadontho tochepa msinkhu koma yofuna kuwala kwambiri, m'malo mwa ya ISO 400. Dzuwa la kuno ku Chigwa cha Shire ndi lokwanira. Filimuyo muzisunga mufiriji, yokulungidwa bwino m'jumbo, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala, kumene kumadutsa madigiri 40, kumaiwononga isanalowe n'komwe m'kamera.